Phale la ku China ndi moto wa agogo



Tsiku lina ndikuphunzitsa za ufumu wa Maravi ku Fomu 2, ndinatchula kuti Dr Yusuf Juwayeyi atakumba ku Mankhamba, likulu la Kalonga kufupi ndi Mtakataka, anapezako mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China. Mtsikana wina anafunsa: "Sala, bwanji makolo athu sankapanga mbale zonyezimira ngati zimenezo? Anali otsalira?"

Yankho lagona pa moto.

Agogo anga akaumba miphika ndi mtapo, ankaiumitsa pamthunzi, kenako n'kuisanja pabwalo, n'kuikwirira ndi nkhuni, makungwa ndi udzu. Moto wotere umayaka msanga n'kuzima msanga, ndipo kawirikawiri supitirira madigiri 900. Mbale zonyezimira zija zimafuna madigiri pafupifupi 1,300.

Anthu a kumwera kwa China anapeza njira yosungira kutentha zaka zoposa 3,000 zapitazo. Ankamanga uvuni wautali ngati ngalande yofolera, wokwera m'mbali mwa phiri, umene ankautcha uvuni wa chinjoka. Ena ankatalika mamita oposa 50. Moto ankasonkha kumunsi. Popeza mpweya wotentha umakwera, uvuni wonsewo unkakoka moto ngati chumuni. Kumunsi kukapsa, osonkha ankasunthira kumtunda n'kumaponya nkhuni pa timabowo ta m'mbali mpaka kukafika kumapeto. Mbale ankaziika m'mabokosi adothi kuti phulusa lisazidetse. Akamaliza ankamata mabowo onse n'kudikira masiku angapo kuti uvuni uzizire pang'onopang'ono, chifukwa kutsegula msanga kumasweetsa mbale. Ulendo umodzi ankaotcha mbale zikwizikwi, n'chifukwa chake malonda awo anafika mpaka ku Kilwa ndi ku Great Zimbabwe.

Koma onani izi. Mtsuko wootchedwa pamoto wochepa umakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi amatuluka thukuta, n'kumazizira okha. Mphika wotere umapiriranso pamafuwa, pamene mbale yonyezimira ikhoza kung'aluka. Makolo athu moto waukulu ankaudziwa, poti ankasungunula chitsulo m'ng'anjo. Pa miphika ankasonkha moto wokwanira ntchito yake.

Ndinamuuza mtsikanayo kuti akapita kumudzi akakhale pansi ndi mayi woumba mbiya, afunse ndi kulemba. Oumba akuchepa, ndipo ndowa zapulasitiki zadzaza m'misika. Aphunzitsi anzanga, kwanuko alipobe?