Mwana Ngwayani? Mlandu wa Yoder ku America

M'mwezi wa Novembala m'chaka cha 1965, akuluakulu a zamaphunziro m'chigawo cha Iowa ku America anafika ndi basi pakasukulu kena ka kumudzi kufupi ndi tauni ya Hazleton. Iwo anadzatenga ana a anthu a mpingo wa Amish kuti apite nawo kusukulu yovomerezeka ndi boma. Anawo ataona kuti zinthu zafika pamenepo, anangoti phazi thandize, kukalowa m'munda wa chimanga. Chithunzi cha ana othawawo chinatuluka m'nyuzipepala zambiri, ndipo anthu anayamba kufunsana kuti kodi mwini mwana ndani, kholo kapena boma?

Anthu a mpingo wa Amish anachokera ku Ulaya, makamaka ku Switzerland ndi madera oyandikana nawo. Dzina lawo linachokera kwa mtsogoleri wawo, Jakob Ammann, amene anapatukana ndi anzake m'chaka cha 1693. Atasamukira ku America, anasunga moyo wa makolo awo: kulima, kuyenda pangolo zokokedwa ndi akavalo, kuvala zosadzionetsera ndi kukhala motalikirana ndi zochitika za m'mizinda. Sukulu sankaikana. Ankafuna kuti mwana adziwe kuwerenga, kulemba ndi masamu mpaka kalasi 8, kenaka abwerere kumudzi kukaphunzira ulimi, ukalipentala ndi kasamalidwe ka pakhomo kwa makolo ake. Sekondale ndiyo ankaiopa. Kwa iwo, kumeneko mwana amaphunzira mpikisano ndi kudzikuza pamsinkhu womwe ayenera kukonzekera ubatizo, ndipo mwana wolowa kumeneko sabwerako ali yemweyo.

Nalo boma linali ndi mfundo zake. Kuyambira pomwe chigawo cha Massachusetts chinakhazikitsa lamulo lokakamiza ana kupita kusukulu m'chaka cha 1852, zigawo zonse zinatsatira, chomaliza kukhala Mississippi m'chaka cha 1918. Ganizo linali lakuti mbuli singathe kusankha bwino atsogoleri kapena kudzidalira. Komabe mphamvu za boma zinali ndi malire. M'chaka cha 1925 Bwalo Lalikulu la Milandu linathetsa lamulo la chigawo cha Oregon lomwe linkafuna kuti ana onse aziphunzira m'sukulu za boma zokha, ponena kuti mwana si katundu wa boma.

Mkangano unafika pachimake m'chigawo cha Wisconsin, komwe lamulo linkati mwana azikhala pasukulu mpaka atakwanitsa zaka 16. M'chaka cha 1968 abambo atatu a kufupi ndi tauni ya New Glarus, a Jonas Yoder, a Wallace Miller ndi a Adin Yutzy, anakana kutumiza kusekondale ana awo a zaka 14 ndi 15 amene anali atamaliza kalasi 8. Bwalo la m'dera la Green County linawapeza olakwa n'kuwalamula kuti alipire chindapusa cha madola 5 aliyense. Ndalamayo inali yochepa, koma kuvomera kukanatanthauza kuti chikhulupiriro chawo ndi mlandu.

Anthu a mpingowu sakonda kukokanakokana kumabwalo, choncho amene anawamenyera nkhondo anali anthu akunja. Mbusa wina wa mpingo wa Lutheran, William Lindholm, anali atakhazikitsa bungwe lowateteza, ndipo loya wawo anali William Ball. Katswiri wa chikhalidwe cha anthuwa, John Hostetler, anachitira umboni kuti kukakamiza anawo kupita kusekondale kukanagwetsa mpingo wonsewo pang'onopang'ono. Bwalo lalikulu la Wisconsin linagamula mokomera makolowo m'chaka cha 1971, koma boma linachita apilo.

Pa 15 Meyi 1972 Bwalo Lalikulu la dziko lonse linapereka chigamulo. Mkulu wa oweruza, Warren Burger, anati ufulu wa chipembedzo wa makolowo unali wolemera kuposa phindu lomwe boma likanapeza posunga anawo pasukulu chaka chimodzi kapena ziwiri zoonjezera. Anaonanso kuti anthuwa akhala akudzidalira kwa zaka pafupifupi 300 ndipo maphunziro awo a pakhomo amakonzekeretsa mwana moyo umene adzakhale.

Mawu ofunika kuwaganizira mofatsa anachokera kwa woweruza William O. Douglas, amene sanagwirizane ndi anzake pambali imodzi. Iye anaona kuti mlandu wonse unayenda ngati wa mbali ziwiri, kholo ndi boma, pomwe eni tsogolo analipo ndipo anali ndi pakamwa. Mwa ana atatuwo, mmodzi yekha, mwana wamkazi wa a Yoder, ndiye anafunsidwa m'bwalo, ndipo anati kusiya sukulu kunali kogwirizana ndi chikhulupiriro chake. Awiri enawo sanawafunse. Douglas anati mwana wa zaka 14 akhoza kukhala ndi khumbo lodzakhala woimba piyano kapena wofufuza za m'nyanja, ndipo akatsekeredwa khomo la sukulu pamsinkhu umenewo, kulitsegulanso n'kovuta. Apa Douglas analasa pamene anzake anaphonya. Mnyamata wokulira mumpingowu amene adzafune kutulukamo ali ndi zaka 20 amatuluka ndi maphunziro a kalasi 8 okha, ndipo amene anamusankhira njirayo si iye.

Ngakhale kuti oweruza anatsindika kuti chigamulocho chinakhudza gulu la mbiri yakeyake, makolo ena ofuna kuphunzitsa ana awo pakhomo anachigwiritsa ntchito pomenyera ufulu wawo m'mabwalo ndi m'nyumba za malamulo. Pofika m'chaka cha 1993, kuphunzitsira mwana pakhomo kunali kololedwa m'zigawo zonse 50 za dzikolo. Zigawo zina zinalamula kuti ana otere aziyesedwa mayeso nthawi ndi nthawi, pomwe zina sizinafune n'komwe kuti kholo lidziwitse boma kuti mwana wake sapita kusukulu.