Waya wa pansungwi ndi kalata ya ku Balaka

Mu 1949 ku Lusaka kunafika wailesi yotsika mtengo ya kampani ya Ever Ready. Inatchuka ndi dzina loti Saucepan Special chifukwa inkaoneka ngati sefuliya. Inkayendera batire ndipo inkagwira shortwave. Maganizowa anali a Harry Franklin, mkulu wofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, amene ankafuna kuti anthu akuda, kuphatikizapo a ku Nyasaland, azimvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Inkaulutsanso m'Chinyanja.

Olemba mbiri amakonda kusimba za wailesiyo. Ine chimene chimandikoka ndi waya wa eriyo, uja ankamangirira pansungwi kapena pamtengo. Mafunde a shortwave amakwera kumwamba, kukagunda mpweya wa kutaliko n'kubwerera pansi, n'chifukwa chake amadumpha mapiri ndi malire a maiko. Waya wowongoka wautali theka la funde, monga mamita 24 pa bandi ya 49, ukakwezedwa bwino umamva kwambiri cham'mbali kusiyana ndi kunsonga. Kwathu kwa Nsamala, Lusaka ali kumadzulo, choncho waya woyalidwa kuchokera kumpoto kupita kum'mwera wayang'ana komweko. Akatswiri ndi anthu ochita za wailesi mongokonda amafika poyala mawaya angapo, n'kumasintha kolowera ndi switchi osasuntha mlongoti. Radio RSA ya boma la tsankho la South Africa, kuyambira 1966, inkalozetsa mawu ake ku maiko osankhidwa kuchokera ku Meyerton.

Atsamunda ankafuna khutu lomvera iwo. Koma wailesi ya shortwave sifunsa kuti wolankhulayo ndi ndani. Boma la Dr Banda linali ndi MBC yokha, linkaletsa mabuku ndi nyuzipepala, komabe silikanatha kutseka kumwamba.

Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Inasindikizidwa kuno ku Balaka, kwa a Montfort, ndipo posakhalitsa malo osindikizirawo anatenthedwa. Boma linalamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu. Nanga munthu wa kumudzi akanadziwa bwanji zimene zinkachitikira maepiskopiwo, kapena za kumangidwa kwa Chakufwa Chihana pa 6 Epulo? Ambiri ankapotokola kabatani usiku, mawu atatsitsa, kufunafuna BBC ndi wailesi ya ku South Africa ija, imene chaka chomwecho inasanduka Channel Africa. Zimandiseketsa pang'ono kuti chipangizo chimene anachimanga poyeretsa tsankho n'chimene chinatumikira ofuna matipate.

Tikamaphunzira za referendamu ya 1993 timaloweza maina a maepiskopi ndi andale. Za mabatire ndi mawaya sindinazionepo pa mayeso. Milongoti ya ku Meyerton inasiya kuulutsa mu 2019, ndipo anzanga ambiri a pasukulu sanagwirepo wailesi yolembedwa SW.