Ukwati Ukatha, Ana Apita Kuti?

Ukwati ukatha, katundu wa m'nyumba savuta kugawa. Mwamuna atenga nkhwangwa ndi khasu lake, mkazi atsala ndi mtondo, miphika ndi lichero. Chimanga cha m'nkhokwe achiyesa m'madengu, yense natenga gawo lake. Koma mwana sangayesedwe m'dengu. Chifukwa chake mtundu uliwonse wa anthu unayenera kukhala ndi lamulo lonena kumene mwana adzagona makolo ake akalekana. M'dziko la Malawi lamulo limeneli lasintha kangapo m'zaka mazana awiri zapitazi, ndipo zimene zinalisintha ndizo nkhondo, msonkho, njala ndi mabuku a boma.

Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, makolo akale sanali kuvutika nalo funsoli, pakuti yankho lake linali lodziwika mwana asanabadwe. Mnyamata akafuna kukwatira anali kusiya mudzi wa amake, napita kukamanga nyumba kwawo kwa mkazi. Kumeneko anali kutchedwa mkamwini, ndipo ukwati wotere ndiwo chikamwini. Anali kulima munda umene apongozi anamgawira, nagwira ntchito zonse za pamudzi, koma nthaka sinali yake, ndipo ana amene anabala sanali kuwerengedwa a fuko lake. Ana anali a kuchikazi. Wowayang'anira wamkulu anali mlongo wake wa mkaziyo, amene anawo amamutcha malume kapena mtsibweni. Alongo ake a munthu ameneyu pamodzi ndi ana awo onse anali mbumba yake, ndipo iye anali mwini mbumba. Mwana akadwala kolimba, atate ake sakanatha kupita naye kutali kwa sing'anga osayamba auza malume. Mwana akapalamula mlandu, malume ndiye anali kuimirira pabwalo ndi kulipira mbuzi.

Tsono banja likayamba kugwedezeka, ankhoswe a mbali zonse ziwiri anali kukhala pansi kuti alikonze. Akalephera, mwamuna anali kusudzula mkazi ankhoswe akuona, namanga katundu wake, nabwerera kwawo yekha. Ana anatsala m'nyumba momwe anabadwira, natunga madzi pa chitsime chomwecho, nadya nsima ya agogo awo monga mwa masiku onse. Akale anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo chifukwa cha ichi eni mudzi sanaike moyo wa ana m'manja mwake. Ngakhale pa chitengwa, pamene mwamuna analoledwa kutenga mkazi kupita naye kumudzi kwake, ana anali a kuchikazibe. Ukwati ukatha, kapena mwamuna akamwalira, mkazi anali kubwerera kwawo, ana ali patsogolo.

Mwambo umenewu unali ndi mphamvu yake yaikulu: mwana sanasowe kwawo. Koma unali wowawa kwa tate wokonda ana ake, pakuti analibe bwalo lokadandaulako. Munthu amene analera ana zaka khumi anali kuchoka pamudzi monga mlendo amene watha ulendo wake. Anamuuza kuti iyenso ali ndi mbumba yake kwawo, akalere ana a alongo ake. Mawuwo anali oona, koma sanachotse chisoni chonse. Umboni wake uoneka m'masiku a ukapolo. M'zaka za m'ma 1800, pamene malonda a anthu anakula ku Nkhotakota kwa Jumbe ndi m'midzi ya mafumu a Chiyao, amuna olemera anali kukonda kukwatira akazi ogulidwa kapena ogwidwa kunkhondo. Mkazi wotere analibe mlongo womuimira, ndipo ana ake analibe malume wodzawatenga. Motero anakhala a atate awo mpaka imfa. Njirayo inali yoipa ndi yankhanza, koma isonyeza kuti mtima wofuna kusunga ana unali mwa amuna kalekale, Azungu asanafike.

Lamulo lina linadza kuchokera kummwera. M'chaka cha 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka mtsinje wa Zambezi, ndipo patapita zaka ana ake anakhazikika, M'mbelwa ku Mzimba ndi Mpezeni kufupi ndi kumene lero kuli Chipata. Angoni a Maseko anakhala cha ku Dedza ndi Ntcheu. Anthu amenewa anali kukwatira ndi ng'ombe za lobola, ndipo ng'ombezo ndizo zinali kuweruza za ana. Abale a mkazi akalandira ng'ombe, ana onse obadwa m'nyumbayo anali a kuchimuna. Ukwati ukatha mkazi asanabale, ng'ombe zinali kubwerera. Ukatha atabala, iye anali kupita yekha, ana natsala. Mwana woyamwa yekha ndiye analoledwa kupita ndi amake, koma akaleka kuyamwa ndi kukula pang'ono anali kubwezedwa kwa atate ake. Apa wolira anali mayi, monga momwe kwa Achewa wolira anali tate. Asena a m'chigwa cha Shire ndi Angonde a ku Karonga analinso ndi mwambo wa ana a kuchimuna.

Miyambo iwiriyi itakhala moyandikana, inayamba kulowana. Atumbuka ambiri a ku Mzimba anatenga lobola. Angoni ambiri a ku Ntcheu, pokwatira akazi a eni dziko, anatenga chikamwini. Achewa ambiri anayamba kutchula mwana ndi chiwongo cha atate ake, ngakhale kwawo kwa mwanayo kuli kwa amake. Milandu yovuta inabuka pamene mwamuna wa lobola anakwatira mkazi wa chikamwini, kapena pamene ng'ombe zinaperekedwa zosakwanira. Mbali iliyonse inali kunena zoona monga mwa mwambo wake, ndipo mwana anali kuima pakati.

Kenaka kunafika amishoni, ku Blantyre mu 1876, ku Mvera mu 1889, ku Mua mu 1902 ndi kwina. Iwo anaphunzitsa kuti mwamuna ndiye mutu wa banja, ndipo ambiri a iwo anazizwa poona tate wopanda mphamvu pa ana ake. Komatu kwawo ku England mwambo wakale unali wopendekera mbali inayo. Kumeneko tate anali mwini ana yekha, ndipo mayi wolekana ndi mwamuna akanatha kuletsedwa ngakhale kuwaona. Mayi wina dzina lake Caroline Norton, amene mwamuna wake anamlanda ana aamuna atatu, analimbana nalo lamulolo mpaka mu 1839 nyumba ya malamulo inalola kuti mayi apemphe kwa oweruza ana osafika zaka 7. Mu 1925 anakhazika lamulo lakuti oweruza aziyamba aganizira ubwino wa mwana, ufulu wa tate ndi wa mayi uzidza pambuyo. Ganizo limeneli linafika ku Nyasaland pang'onopang'ono, m'mitu mwa oweruza ophunzira malamulo a Angerezi.

Boma la Angerezi, limene linayamba mu 1891, silinafune kugwetsa miyambo ya maukwati. Mu 1902 linalamula kuti pa milandu ya eni dziko oweruza azitsata mwambo wa anthuwo, malinga ngati sutsutsana ndi chilungamo. Chaka chomwecho linakhazika lamulo la ukwati wa kwa Bwanamkubwa wolembedwa m'kaundula, koma eni dziko amene anakwatira mwa njirayo anali owerengeka. Lamulo la 1923 linalola kuti ukwati wodalitsidwa m'tchalitchi ulembedwe, koma za ana ndi za chuma zinatsatabe mwambo wa makolo. Choncho Mkhristu wa Chichewa, ngakhale anali ndi mtchatho ndi kalata yake, ukwati ukatha ana anapitabe kuchikazi. Mu 1933 mafumu anapatsidwa makhoti awo, okhala ndi kalaliki wolemba milandu m'buku, ndipo milandu ya maukwati ndiyo inali kudzaza mabukuwo.

Koma chimene chinagwedeza mwambo koposa amishoni ndi mabuku ndicho ndalama. Msonkho wa nyumba unatulutsa amuna m'midzi. Anapita ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, ku Salisbury kumene lero ndi Harare, ndi ku migodi ya ku Joni mwa Wenela. Ena anabwerako ndi njinga ndi mabulangeti, ena sanabwerenso, natchedwa matchona. Pa nthawi yomweyo kulera mwana kunaleka kukhala nsima ndi ndiwo zokha. Kunafunika malaya, sopo, mabuku ndi ndalama za sukulu, ndipo zimenezi sizimera m'munda wa agogo. Tate amene analipira sukulu anayamba kufunsa kuti ataya bwanji thukuta lake pa mwana amene mawa adzatengedwa ndi malume. Malume nayenso anali ndi ana ake omufunsa ndalama za sukulu m'mudzi wa mkazi wake. Ukwati ukatha, tate anali kuti ana ndi a kuchikazi, awaone malume awo. Malume anali kuti anawa ali ndi atate awo, sanagwe mumtengo. Mwambo umene kale unapatsa mwana omuyang'anira awiri tsopano unapatsa amuna awiri pothawira, ndipo katundu yense anagwera mayi ndi agogo aakazi.

Njala ya 1949 inaonetsa chilonda chimenechi poyera. Mvula itakana m'chigawo cha kummwera, makamaka m'boma la Blantyre, akamwini ambiri anachoka nati akukafuna chakudya kwawo kapena kutali. Ena anabwera nacho ndithu, napulumutsa mabanja awo. Koma ena anakhala komweko, nakwatira akazi ena. Amayi amene anapyola m'njalayo anaikumbukira monga chaka chimene maukwati ambiri anatha popanda nkhoswe, ndipo ana otsala analeredwa ndi gaga ndi zikhawo za m'tchire.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Dr. Hastings Kamuzu Banda anadzitcha nkhoswe ya amayi onse, nawatcha mbumba yake. Mawu akalewo anamveka kwambiri pa misonkhano, koma mayi wosiyidwa ndi ana anapitabe ku makhoti a miyambo, amene anaweruza monga mwa chikamwini kapena lobola. Oweruza a khoti lalikulu anali kunena kawirikawiri, milandu ikafika kwa iwo, kuti mwambo uyenera kugonja pamene ubwino wa mwana uli pangozi. Makhoti a miyambowo anatha pa kusintha kwa ndale kwa 1994, milandu ya maukwati nipita kwa amajisitireti.

Kusintha kwakukulu kunadza m'zaka zimenezo. Mu 1989 mayiko a m'bungwe la United Nations anapangana za ufulu wa ana, ndipo Malawi analowa m'panganolo mu 1991. Malamulo aakulu a dziko a 1994 ananena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, mosayang'ana mmene anabadwira, ndi kuti mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo. Ananenanso kuti mkazi ali ndi mphamvu yofanana ndi ya mwamuna pa kusunga ana, ndi kuti ukwati ukatha ayenera kulandira gawo loyenera la chuma ndi chithandizo, poyang'ana zosowa za ana. Mu 2010 anawonjezapo mawu akuti mwana ayenera kuthandizidwa ndi makolo ake onse, kaya ali pa ukwati, kaya sanakwatirane, kaya analekana.

Chaka chomwecho cha 2010 kunadza lamulo la kasamalidwe ndi chitetezo cha ana. Monga mwa lamuloli, kholo, mbale kapena munthu wina woyenera angathe kupempha khoti la ana kuti asunge mwana. Woweruza sayamba wafunsa ngati ng'ombe zinaperekedwa, kapena ngati ukwati unali wa chikamwini. Ayamba wafunsa kumene mwanayo adzakhala bwino. Ayenera kukumbukira kuti mwana wamng'ono afunika kukhala ndi amake, kuti ana a mimba imodzi si bwino kuwabalalitsa, ndiponso ayenera kumva maganizo a mwana mwini wake. Chomalizachi nchachilendo ndithu, pakuti pa bwalo la makolo mwana sanali kufunsidwa kanthu, ngakhale mlandu unali wa iye. Kholo limene silinapatsidwe mwana liloledwa kumuona, ndipo khoti lingalilamule kupereka ndalama za chakudya, zovala, mankhwala ndi sukulu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika pa mzere umodzi maukwati a kwa boma, a m'chipembedzo, a mwambo ndi a anthu ongokhalira limodzi nthawi yaitali, kotero kuti tate sangathawe ana ponena kuti panalibe ankhoswe.

Malamulowa ndi abwino, koma pepala la khoti silisanduka ufa. Mwamuna wa ntchito ya pamwezi savuta kumgwira. Wovuta ndiye mlimi amene apeza ndalama kamodzi pa chaka, ndi mtchona wa masiku ano amene ali ku Johannesburg osadziwika pokhala. Ndiponso mabanja ambiri a kumidzi satha pa khoti. Atha pamaso pa ankhoswe ndi anyakwawa, ndipo kumeneko ana apitabe kumene mwambo wa mudziwo uwatuma, ku Dowa kwa amayi awo, ku Mzimba kwa atate awo.

Ngakhale m'makhoti momwemo mwambo sunafe wonse. Pa chikamwini mwamuna anali ndi udindo womangira mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo. Amuna ambiri a masiku ano atenga akazi awo kukakhala nawo m'tauni, m'nyumba za lendi, udindowo osaukwaniritsa. Ukwati wotere ukatha, oweruza alamula kawirikawiri kuti mwamunayo akamange nyumbayo kumudzi kwa mkazi, kapena apereke ndalama zokwanira kuimanga, kuti mayi ndi ana pobwerera kwawo akapeze pogona.