Nyangu, Dzina la Colowa ca Amayi

Pa Cinyanja, munthu akatenga malo a malemu timati walowa dzina, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Koma mu ufumu wa Amaravi munali dzina limene ankalowa akazi okha: Nyangu. Mwini dzinali ankakhala mayi wa Kalonga kapena mlongo wake, wa fuko la Aphiri. Akamwalira, mkazi wina wa bele lomwelo ankalowa dzinalo, ndipo mfumu yatsopano inkacokera mwa ana a mbumba imeneyi.

Akuluakulu amasimba kuti Undi atasemphana ndi Kalonga, anasamukira ku Mano, m'cigawo ca Tete, atatenga Nyangu. Kutero kunali kusamutsa citsime ca mafumu, pakuti wolowa pampando amabadwa mwa iye. Mpaka lero ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene Acewa a kuno amapita ku mwambo wa Kulamba caka ndi caka, pambali pa Gawa Undi pali Nyangu.

Tsono wina akamalanda mwana wamkazi munda wa amake n'kumati colowa n'ca amuna, asanamizire makolo.