Waya wa moto uja anapita kuti?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale, ambiri mukukumbukira ma Peugeot 504 ndi ma Datsun omwe ankadutsa pa Chimwankhunda. M'galimoto zimenezo chopondera moto chinali ndi waya wofika ku kabuleta. Dalaivala akaponda, wayayo ankatsegula kachitseko kolowetsa mpweya mu injini. Waya akaduka, makaniki ankangoika wina, basi.

Pofika 1988, kampani ya BMW inali itachotsa wayayo pa galimoto zina za 7 Series. Kwathu kuno zimenezi zinabwera mochedwa, ndi galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japan, zodzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Ma Toyota ambiri opangidwa pambuyo pa 2005 alibe waya ameneyu.

Tsopano phazi limangopempha. Masensa awiri a pa chopondera amauza kompyuta ya injini, ndipo kompyutayo imalamula kamota kotsegula kachitseko kaja. Pa kachitsekopo palinso masensa awiri. Akasemphana, getsi la check engine limayaka ndipo galimoto imakana liwiro dala, poteteza anthu.

Apa mpamene khutu la makaniki linachepa mphamvu. Amalumikiza kamakina pa soketi ya OBD-II, ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero, yomwe inakhala lamulo ku America mu 1996, n'kuwerenga nambala monga P2135. Koma nambalayo imangoloza kumene kuli vuto. Ena amathamangira ku Limbe kukagula chipangizo chatsopano, chikhalirecho ndi pulagi yochita dzimbiri kapena mwaye womatirira pa kachitseko.