Kakompyuta ka pa njinga: musawononge ndalama, nazi zoyenera kuona musanagule

Mafunso ochuluka amene ndikulandira masiku ano kuchokera kwa achinyamata otchova njinga ku Ndirande, Bangwe ndi ku Machinjiri ndi okhudza kachipangizo kakang'ono kamene kamakhala pa handulo, koonetsa liwiro, mtunda ndi nthawi. Ena akuti akufuna kuyesa triathlon, ena akungofuna mpikisano wa njinga wamba. Funso ndi limodzi: kotchipa koma kogwira ntchito ndi kati? Ndiyankha pano kamodzi, kuti wina akafunsanso muzingomutumizira linki.

Tiyambe ndi triathlon yeniyeniyo, poti ambiri timangoimva pa Facebook. Ndi masewera atatu otsatizana osapuma: kusambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga. Analowa mu Olympics m'chaka cha 2000 ku Sydney. Mtunda wa Olympics ndi makilomita 1.5 m'madzi, 40 pa njinga ndi 10 wapansi. Waufupi, umene amati sprint, ndi theka lake: mamita 750, makilomita 20, ndi 5. Kuli wina wa anthu olimba mtima wotchedwa Ironman, wa makilomita 3.8, 180 ndi 42.2, ndipo ku South Africa umachitikira mumzinda wa Gqeberha, umene kale unkatchedwa Port Elizabeth. Mukaonetsetsa manambalawa muona kuti nthawi yambiri munthu amathera pa njinga. Makilomita 40 pa liwiro la 30 pa ola ndi ola limodzi ndi mphindi 20. Pa liwiro la 25 ndi ola limodzi ndi mphindi 36. Mphindi 16 zimenezo si zamasewera. Koma vuto la oyamba kumene si kuchedwa ayi, ndi kuphulika koyambirira, kenako pofika pothamanga miyendo yasanduka mitengo. Apa ndiye pamene kakompyutaka kamathandiza: kamakuuzani zoona pamene mtima ukukunamizani kuti mukadali ndi mphamvu.

Tilipo ta mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa maginito. Mumamangirira kamaginito pa sipoko, kasensa pa foloko, ndiye gudumu likazungulira kamodzi kachipangizoka kamawerenga. Makampani odziwika pa mtundu umenewu ndi Cateye ya ku Japan ndi Sigma ya ku Germany. Tina timakhala ndi waya, tina ayi. Tambiri timagwiritsa ntchito kabatire kozungulira ngati kobidi ka nambala CR2032, kamene mungakapeze kwa okonza mawotchi, ndipo kamatha miyezi yambiri. Kwa ife amene magetsi amathima mosatsanzika, chimenechi ndi chinthu chachikulu. Simudzadzuka 4 koloko m'mawa n'kupeza kuti sikanatchajidwe.

Mtundu wachiwiri ndi wa GPS. Uwu sufuna maginito, umalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti. Mayina aakulu ndi Garmin ndi Wahoo, koma mitengo yake, aise, ndi ya njinga ina yathunthu. Otchipa ndi monga iGPSPORT, XOSS, Magene ndi Bryton. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti GPS sidya bandulo. Bandulo imangofunika mukafika kunyumba ndipo mukufuna kukweza ulendo wanu pa Strava kuti anzanu aone. Ubwino wake ndi woti umasunga njira yonse imene mwadutsa, ndipo mutha kuuchotsa pa njinga iyi n'kuuika pa ina popanda kusintha kalikonse. Kuipa kwake, umafuna kutchaja pafupipafupi, ndipo pansi pa mitengo yowirira ngati pokwera ku Zomba Plateau nambala ya liwiro imadumphadumpha.

Ineyo maganizo anga ndi awa: ngati ndalama zili zokwanira ka maginito kokha, gulani ka waya ka kampani yodziwika, osati ka GPS kopanda dzina kamene simungapeze ngakhale apu yake. Ka waya sikaoneka bwino pa chithunzi, ndikudziwa, koma sikasokonezeka ndipo batire ndi limodzi basi. Kopanda waya kamafuna mabatire awiri, lina m'sensa, ndipo ena otchipa amasokonezeka ndi nyali za njinga za LED zikakhala pafupi.

Tsono apa ndipamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ambiri amagula bwinobwino n'kulakwitsa pokonza. Ka maginito sikadziwa kukula kwa gudumu lanu. Inuyo ndi amene mumakauza, polemba nambala ya mamilimita a kuzungulira kwa tayala. Tayala la njinga ya mpikisano la 700x25 ndi pafupifupi 2105. La mountain bike la 26x1.95 ndi pafupifupi 2050. Njinga zazikulu zija za akabaza, za mainchesi 28, zimafika cha m'ma 2220. Mukasiya 2105 pa mountain bike, kakompyutaka kadzati mwayenda makilomita 40 pamene mwayenda 39. Mukaisiya pa njinga ya kabaza, mwayenda 40 koma kakuonetsa pafupifupi 38. Ndiye mukangana ndi mnzanu pa Chichiri kuti ndani ali shasha, chonsecho manambala anu onse ndi abodza. Njira yabwino ndi kuyeza nokha. Popani tayala monga mumachitira masiku onse, ikani valavu pansi penipeni, lembani ndi choko pa simenti, kwerani njingayo mnzanu akukugwirani, yendani mpaka valavu ibwererenso pansi, lembaninso. Yezani pakati pa mizere iwiriyo ndi tepi ya amisiri. Nambala imeneyo ndiye yanu. Kamaginitonso kazidutsa pafupi kwambiri ndi sensa, mpata wa mamilimita ochepa chabe. Misewu yathu ya mabampu imasuntha sensa, choncho imangeni ndi timalamba tapulasitiki tija tokoka, ndipo nambala ikakhala pa zero mukuyenda, yambani mwaona pamenepo musananene kuti anakuberani.

Pa manambala onse amene ogulitsa amakutchulirani, ofunika kwa munthu wa triathlon ndi ochepa: liwiro la pano, liwiro la pakatikati pa ulendo wonse, mtunda, ndi nthawi. Chachisanu, ngati thumba likulola, ndi cadence, kutanthauza kuchuluka kwa maulendo amene mapedulo akuzungulira pa mphindi. Ambiri ochita mpikisano amakhala pakati pa 80 ndi 95. Kuno ku Blantyre, kumene paliponse ndi chitunda, timakonda kukankha giya yolemera mpaka maondo kulira, ndipo zotsatira zake zimaoneka pothamanga. Koma musadandaule ngati kanu kalibe: werengani bondo lakumanja likukwera kwa masekondi 15, chulukitsani ka 4, mwapeza. Za ma calories zija zisiyeni, n'zongopeka.

Mukasankha ka GPS, onani pa bokosi mawu akuti Bluetooth ndi ANT+. Zimenezi ndi zomwe zidzakuloleni kulumikiza lamba woyeza kugunda kwa mtima kapena sensa ya cadence mtsogolo muno, osagulanso kena. Onaninso IPX7, kutanthauza kuti kangathe kukhala m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Mvula ya Januwale ikakupezani pa msewu wa Midima mudzaithokoza nambala imeneyo. Okonda kudziwa kuti akwera mamita angati, mwachitsanzo pobwerera kuchokera ku Chikwawa kukwera zitunda za ku Thabwa, afunse ngati muli barometer, chifukwa GPS payokha imaphonya kwambiri pa za kukwera.

Chinthu china chokhudza triathlon yokha: pamene mukusambira, njinga imakhala ikukudikirani pamalo osinthira. Mukatuluka m'madzi manja ali onyowa, mutu ukuzungulira, mulibe nthawi yodinadina mabatani. Ka maginito ka waya kamadzuka kokha gudumu likangoyamba kuyenda. Ka GPS muyenera kukayatsa musanalowe m'madzi kuti kapeze masetilaiti, ndipo muzimitse kaye zija zodzithimitsa kokha. Mawotchi a Garmin Forerunner ena kapena Coros Pace amawerenga masewera onse atatu, koma pamenepo tachoka pa nkhani ya zotchipa.

Nanga foni? Pophunzira ili bho, Strava yaulere imakwanira, foni ili m'thumba la kumsana. Kuimanga pa handulo ndi nkhani ina: dzuwa limaitentha, batire limatha msanga, mukagwa mwataya zonse, komanso mukudziwa nokha kuti kudutsa nayo poonekera mumsika wa Ndirande kapena ku Limbe madzulo ndi kuitana mavuto. Pa mipikisano ya triathlon mahedifoni ndi oletsedwa, ndipo kuimba foni kapena kujambula uli pa njinga kumabweretsa chilango.

Za mitengo sindilemba manambala chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wakunja sukhazikika. Yambani mwazungulira kwa ogulitsa njinga zakaunjika, chifukwa zina zimabwera ndi kakompyuta kale pa handulo ndipo wogulitsayo atha kukuchotserani. Mukatero onetsetsani kuti mwatenga zonse zinayi: kakompyutako, pokhazika pake, sensa ndi maginito, pokhazika pa Cateye sipalowa Sigma. Tengani CR2032 yanu yatsopano mukayesere pompo, muzungulitse gudumu muone nambala ikusintha. Ngati mukutuma m'bale wa ku Joni kapena kuitanitsa pa intaneti, mutumizireni chithunzi ndi nambala ya modelo yeniyeni, ndipo muwerengeretu ndalama yonyamulira ndi msonkho musanayerekeze ndi mtengo wa kuno.