Kuchokera ku Malswitch Kufika pa Sitetasi: Boma ndi Malonda a Pafoni m'Malawi

Mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe masiku ano ali ndi mabenchi awiri. Lina ndi lamatabwa lija amalipirira chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku, lina lili m'foni. Akamasula belo m'mawa amasankha madiresi owoneka bwino, n'kuwajambula atawakoloweka pa hang'ala, n'kuwaika pa sitetasi ya WhatsApp pamodzi ndi mitengo yake. Kasitomala wa ku Mzuzu akakonda imodzi amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, osaiwala kuwonjezera yotapira, ndipo madzulo diresiyo imakwera basi ili m'jumbo lolembedwa dzina ndi nambala ya foni. Malonda a pa intaneti a Amalawi ambiri ndi amenewa. Alibe webusaiti, alibe khadi la banki, ndipo palibe unduna umene unawakonza. Komabe kwa zaka zoposa makumi awiri boma lakhala likunena kuti likufuna amalonda ang'onoang'ono alowe m'njira zamakono. Mbiri ya zaka zimenezi ikuonetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza: wamalonda wamng'ono amasamukira pafoni pamene foniyo yatchipa ndi kudalirika kuposa ndalama yapamanja, ndipo boma lamuthandiza pokhapokha pamene lachepetsa mtengo umenewo.

Chiyambi chake chinali chapamwamba, kutali ndi msika. Mafoni am'manja anafika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, poyamba ndi Telekom Networks Malawi, kenako Celtel mu 1999, yomwe inadzasanduka Zain, n'kudzakhala Airtel mu 2010. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 banki yaikulu ya Reserve inakhazikitsa Malswitch, njira yolipirira ndi makhadi osunga ndalama ozindikira mwini wake ndi chidindo cha chala. Luso lake linali lotsogola ndithu panthawiyo. Koma khadi limafuna makina olilandira, makinawo amafuna magetsi ndi sitolo yokhazikika, choncho linathera m'manja mwa anthu apantchito ndi masitolo akuluakulu. Wogula mbewu kumudzi ankayendabe ndi mpukutu wa ndalama m'sokosi, mayi wa geni ankamangabe zake pansonga ya chitenje, ndipo wofuna kutumiza ndalama kwawo ankapatsira kondakitala wa basi kapena kukafola ku positi ofesi.

Kusintha kwenikweni kunabwera mu 2012 pamene Airtel inayambitsa Airtel Money, yomwe ankaitcha Khusa M'manja, ndipo TNM inatsatira ndi Mpamba mu 2013. Nzeruyi inachokera ku Kenya, kumene M-Pesa inayamba mu 2007. Apa boma silinamange kanthu, koma linachita chinthu chimene anthu sachitchula kawirikawiri: banki yaikulu inalola makampani a foni, amene si mabanki, kuti azisunga ndi kusamutsa ndalama za anthu, bola ndalama zenizenizo zikhale pa akaunti yapadera kubanki. Ikanaumirira kuti ntchito imeneyi ndi ya mabanki okha, bwenzi tikudikirabe. Chilolezo chimenechi chinabala mtundu watsopano wa bizinesi yaing'ono, ma ejenti aja tiwaona pansi pa maambulera ndi m'tinyumba tofiira ndi tobiriwira pa siteji iliyonse, ali ndi kafoni ka mabatani, buku lolembamo manambala, ndi yankho lodziwika lija lakuti fuloti yatha. Ejenti ndiye banki ya wamalonda wamng'ono. Amatsegula banki isanatsegule, amatseka itatseka kalekale, ndipo safunsa kalata ya abwana kapena ya amfumu.

Pakati pa 2015 ndi 2018 boma linagwira ntchito imene iyenera kuyamikiridwa mosabisa mawu. Mu 2015 kunabwera National Switch yolumikiza makina a mabanki osiyanasiyana, ndipo patapita zaka zochepa ndalama zinayamba kudutsa pakati pa banki ndi foni, komanso pakati pa Mpamba ndi Airtel Money. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loyendetsa njira zolipirira, lamulo latsopano la zofalitsa mauthenga, ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security, limene linapatsa mphamvu pamaso pa khoti mgwirizano wopangidwa pa kompyuta kapena pafoni. Mu 2017 bungwe la NRB linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa ziphaso za unzika m'miyezi yochepa chabe, ndipo chaka chotsatira MACRA inalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe. Mu 2017 momwemo World Bank inavomereza madola 72.4 miliyoni a ntchito ya Digital Malawi, pamene nthambo za intaneti zinkayalidwa motsatira mapolo a ESCOM kulowera m'maboma. Mwa zonsezi, chimene chinafika msanga pabenchi la wamalonda ndi chiphaso cha unzika. Munthu amene kale sakanatsegula akaunti chifukwa chosowa pasipoti kapena laisensi yoyendetsera galimoto anakhala ndi kakhadi komudziwitsa kulikonse.

Koma m'zaka zomwezo boma lomweli linkatchinga njira imene linkalambula. Mu bajeti ya 2015 nduna ya zachuma Goodall Gondwe inaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a SMS ndi pa data ya intaneti, pamwamba pa VAT ya 16.5 peresenti imene inalipo kale. Mu 2019 nduna ina, Joseph Mwanamvekha, inabweretsa ganizo la msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zoyenda pafoni, ndipo anthu, mabungwe ndi makampani atachita phokoso ganizolo linachotsedwa. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka chomwecho cha 2019 munatuluka malamulo okakamiza mabizinesi okhala ndi ziphaso kuti akhale ndi njira yolandirira ndalama mwamakono. Ofesi ina ikulamula wamalonda kuti alandire ndalama pafoni, ofesi ina ikuwerengera mmene idulire ndalama yomweyo. Wa golosale amene kuyambira 2014 wakhala akuona anzake akuluakulu akulimbana ndi makina a malisiti a MRA sanafunike womumasulira. Anaona kuti kulowa m'makina ndi kuonekera, ndipo kuonekera kumabwera ndi msonkho. N'chifukwa chake mpaka lero ambiri amakupatsa nambala yawoyawo kapena ya ejenti wapafupi m'malo mwa nambala ya bizinesi.

Umboni wakuti mtengo ndiwo umalamula unaoneka bwino mu 2020. Covid-19 itafika, banki yaikulu inagwirizana ndi makampani a foni ndi mabanki kuti achepetse kwa kanthawi ndalama zodula potumiza, pofuna kuti anthu asamagwiranegwirane ndalama zamapepala. Chaka chomwecho achinyamata anachita kampeni yodandaula kukwera mtengo kwa data, ndipo makampani anatsitsako mitengo ina. Malire atatsekedwa ndiponso anthu akuopa misika yothithikana, ogulitsa makeke, nsapato, mafuta odzola ndi nkhuku anadzaza magulu a Facebook ndi WhatsApp, akabaza n'kusanduka operekera katundu pakhomo. Palibe anawaitanira ku semina. Maiko ena aona zomwezi kuchokera mbali zonse ziwiri. Uganda itaika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zapafoni mu Julaye 2018, anthu anabwerera ku ndalama yapamanja mwakuti boma linautsitsa kufika pa 0.5 peresenti, pa kutapa pokha, chakacho chisanathe. Tanzania inayesa zofanana mu 2021 ndipo nayonso inabwerera m'mbuyo. India inatenga njira ina: kuyambira Januwale 2020 wamalonda wolandira ndalama kudzera pa njira yolipirira pafoni yotchedwa UPI sadulidwa kanthu, ndipo pofika Ogasiti 2023 malipiro a pa UPI anapitirira 10 biliyoni pamwezi, ambiri mwa iwo a ndalama zochepa ngati za tiyi ndi ndiwo zamasamba.

Wina anganene kuti boma silingayende popanda msonkho, ndipo kuti m'dziko limene anthu olembedwa ntchito ndi ochepa, foni ndi malo amodzi mwa ochepa amene msonkho ungatoleredwe mosavuta. Mfundoyi ndi yoona, ndipo sitingaikankhire kumbali, pakuti mankhwala m'zipatala ndi malipiro a aphunzitsi sagwa kumwamba. Ngakhale ku India komwe, mabanki amadandaula kuti ntchito yaulereyi imawadyera, ndipo boma limawapatsako kangachepe kuchokera m'thumba la msonkho. Koma funso ndi lakuti msonkhowo ukugwera pati. Msonkho wa pa phindu umadikira kuti malonda achitike. Msonkho wa pa data ndi pa kutumiza ndalama umagwira munthu pakhomo, asanagulitse n'komwe, ndipo ndalama imodzimodziyo imadulidwa kangapo pamene ikuchoka kwa kasitomala kupita kwa wogulitsa, kwa wopikulitsa, mpaka kwa mlimi. Uku ndiye kukama ng'ombe yowonda kale. Bizinesi imene yakula chifukwa cholandira ndalama pafoni idzalembetsa yokha ikadzafuna ngongole ya kubanki kapena tenda ya boma, ndipo pamenepo MRA idzaipeza ili ndi chopereka.

Ena amati vuto ndi umbuli, choncho mankhwala ake ndi maphunziro. Maphunziro ali ndi malo ake, ndipo malo ophunzitsira achinyamata luso la makompyuta amene analandira thandizo la Digital Malawi anatulutsa anthu odziwadi ntchito. Koma mawu akuti umbuli amamunamizira wamalonda. Mayi amene amasunga pamtima ngongole za makasitomala makumi atatu, amene anaphunzira yekha kugula bandulo ya WhatsApp yokha posiya ya intaneti yonse chifukwa anawerengera kusiyana kwake, si munthu wosadziwa masamu. Akakana kulandira ndalama pafoni pa tomato wa K500, wawerengera kuti yotapira idya phindu lonse. Akaumirira ndalama yapamanja, akukumbukira tsiku limene netiweki inagwa kasitomala ataima pabenchi, kapena limene ejenti analibe ndalama yomupatsa pamene lole ya makala ikudikira. Kwa iye fodya wake ndi amene ali pamphuno. Chimene chili choona m'dandauloli ndi nkhani ya akuba. Mauthenga aja akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ena mwa iwo ochokera m'ndende momwe monga akuluakulu anenapo, apusitsa anthu ambiri, ndipo wobedwa kamodzi amachenjeza mudzi wonse. Koma apanso chofunika ndi apolisi ndi makhoti ogwiritsa ntchito lamulo la 2016 lija, komanso njira yachangu yobwezera ndalama yotumizidwa molakwika. Semina ya masiku awiri ku hotela ya kunyanja siibweza ndalama ya munthu.

Zaka zaposachedwa zabweretsa zikalata zambiri. Masomphenya a Malawi 2063 anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, ndondomeko ya chuma cha digito ya 2021 mpaka 2026 inatsatira, Starlink inayamba kugwira ntchito mu 2023, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu pa makompyuta linabwera mu 2024. Zolembedwamo n'zabwino. Koma zopinga zimene zatsala si za pa kompyuta ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 alionse, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo pafupifupi theka la mabanja ndilo linali ndi foni. Wamalonda wa kumudzi amalipira kutchajitsa foni ku shopu ya sola asanagule n'komwe bandulo. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, foni yojambula zithunzi zooneka bwino inathawa m'manja mwa ambiri, ndipo wofuna kulipira Facebook kuti ionetse malonda ake kwa anthu ochuluka amafunika madola amene mabanki alibe. Ndiye pali nkhani ya maadiresi. MACRA inayamba ntchito yopatsa misewu maina ndi nyumba manambala, koma m'madera ambiri wakabaza amalondoleredwabe kuti akafika pa chigayo akhote kumanzere, afunse nyumba ya geti lobiriwira. Katundu wosochera amawonjezera mtengo, ndipo wolipira ndi wogulitsa yemweyo.

Aphungu akamadzakambirana bajeti ikubwerayi, nduna ikadzafika pa ndime yolonjeza kutukula mabizinesi ang'onoang'ono ndi luso lamakono, wina aimirire aifunse mafunso atatu: pa bandulo ya K1,000 boma likutengapo zingati, pa foni yotsika mtengo yolowa pa Mwanza kapena pa Songwe likudulapo zingati, ndipo mayi wa ku Limbe uja akalandira ndalama ya diresi imodzi pafoni, zimene zikufika m'manja mwake n'zingati.